Kukonza ndi Kupereka Nyumba Malonda Akatha

Nyumba ikagulitsidwa, ambiri a ife timaganiza kuti nkhani yatha pa tsiku limene ndalama zawerengedwa pamphasa. Koma madandaulo amene amafika kwa ife alangizi a zamalamulo, kapena pabwalo la amfumu, kawirikawiri sayambira pa ndalama. Amayambira pa tsiku losamuka. Wogula akafika ndi banja lake amapeza chitseko cha kuchipinda chazulidwa, nkhokwe yaphwasulidwa, mtengo wa mapichesi wagwetsedwa, ndipo m'khola mukulirabe mbuzi za mwini wakale. Wogulitsa nayenso ali ndi mawu ake: chitsekocho anachigula ndi ndalama za fodya wake, mtengowo anaubzala ndi manja ake, ndipo mbuzizo sanapeze poziika. Aliyense amadziona wolungama, ndipo anthu amene dzana ankapalana moto amaleka kupatsana moni.

M'mutu uno tikufotokozerani zoyenera kuchita pakati pa tsiku logwirizana mtengo ndi tsiku lopereka makiyi. Tikulankhula makamaka ndi inu amene mukugulitsa, koma inu ogula muwerengenso, pakuti zambiri mwa izi ndi zimene muli ndi ufulu wozifunsa.

Dziwani kaye chimene mwagulitsa

M'dziko lathu la Mozambique nthaka sigulitsidwa. Malamulo Aakulu a dziko, pa ndime 109, amanena kuti nthaka ndi ya Boma, ndipo siingagulitsidwe, kuikidwa pa chikole cha ngongole kapena kulandidwa chifukwa cha ngongole. Lamulo la Malo, nambala 19/97 la pa 1 Okutobala 1997, linanena chimodzimodzi. Chimene inu muli nacho pa malo anu ndi ufulu wowagwiritsa ntchito ndi kupindula nawo, umene m'Chipwitikizi amaufupikitsa kuti DUAT. Lamulolo linaika njira zitatu zopezera ufuluwu: kukhala pa malo motsata mwambo wa kwanu, kukhala pa malo ndi mtima woona kwa zaka zosachepera 10 ngati muli nzika ya dziko lino, kapena kupempha ku Boma. Amene anaupeza m'njira ziwiri zoyambazo sautaya chifukwa chosowa pepala. Umboni wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa.

Choncho mukamati "ndagulitsa malo", pamaso pa lamulo mwagulitsa zimene manja anu anaika panthakapo: nyumba, khitchini, nkhokwe, khola, chigafa cha fodya, chitsime ndi mitengo yobzala. Ndime 16 ya Lamulo la Malo inalola kugulitsa zimenezi, koma inafuna zinthu ziwiri, chilolezo cha ofesi ya Boma yoona za malo ndiponso kalata yolembedwa kwa notário, yotchedwa escritura pública. Malangizo otsatira lamuloli, amene anatuluka mu 1998 pa Decreto 66/98, anasiyanitsa mitundu iwiri ya malo. Pamene phindu lalikulu lili m'nyumbayo, monga nyumba yokhalamo ndi bwalo lake ku Ulónguè, ku Milange kapena ku Metangula, ufulu wa malo umatsata nyumba pa nthawi yogulitsa. Koma pamene phindu lalikulu lili m'nthaka, monga munda umene uli ndi kanyumba ndi chigafa, kugula zomangidwazo sikusamutsa ufulu wa malo pakokha; pafunika kuti Boma livomereze.

Tikudziwa kuti kumudzi malonda ambiri amathera pa pepala la declaração, lolembedwa pamaso pa mfumu, nyakwawa kapena secretário wa bairro. Pepala limenelo lili ndi ntchito yake, chifukwa limasonyeza kuti ndalama zinaperekedwa ndipo mboni zinaona. Koma sililowa m'malo mwa escritura. Mukalilemba, musaime pomwepo. Pitani nalo ku ofesi ya distrito kapena ya município kuti akuuzeni zotsatira.

Musanasese, funsani a m'nyumba

Palibe phindu kupaka njereza nyumba imene mawa wina adzabwera kudzaikaniza. Lamulo la Banja, limene linakhazikitsidwa mu 2004 ndi kukonzedwanso mu 2019, limateteza katundu wa mwamuna ndi mkazi wake, ndipo bambo amene agulitsa nyumba ya banja mayi osadziwa amaika malonda onse pangozi. Mayi asayine, kapena adinde chala, pa pepala lililonse. Ngati nyumbayo ndi ya masiye, olowa onse avomereze. Lamulo la Malo linanena momveka kuti ufulu wa malo umapita kwa olowa mosasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndiye kuti mlongo wanu amene anakwatiwa ku Moatize ali ndi mawu ofanana ndi anu.

M'midzi ya chikamwini nkhaniyi imafuna kusamala koposa. Mkamwini angathe kuumba njerwa, kugula malata ndi kumanga nyumba yabwino, koma malo amene nyumbayo yakhalapo ndi a mbumba ya mkazi wake. Sangalowetse mlendo pakati pa mudzi wa eni popanda atsibweni ndi mwinimbumba kuvomereza. Ndipo kwa ife okhala m'malire, kumene wogula angathe kukhala m'bale wochokera ku Dedza kapena ku Ntcheu, tikumbukire kuti lamulo la 1997 linaika zofunika zapadera kwa munthu wa dziko lina: akhale atakhala m'Mozambique zaka zosachepera 5, ndipo akhale ndi ntchito ya chitukuko yovomerezedwa ndi Boma. Chibale ndi chilankhulo chimodzi sizichotsa lamulo limeneli.

Za chikole tinene mwachidule. Ngati munalandira ndalama zoyamba monga chikole, zimene m'Chipwitikizi amati sinal, buku la malamulo la Código Civil limati wogula akabwerera m'mbuyo popanda chifukwa, chikolecho chimatsala kwa inu. Koma mukabwerera ndinu, mumabweza kawiri. Muganize bwino musanazilandire, ndipo musazidye zonse tsiku lopereka nyumba lisanafike.

Chotsala ndi chonyamula

Apa ndi pamene pagona milandu yambiri, ndipo tikhalapo pang'ono.

Código Civil, pa ndime 882, imati chinthu chogulitsidwa chiperekedwe monga chinalili pa nthawi ya malonda. Imapitiriza kunena kuti, ngati sipanakhale pangano lina, wogulitsa apereke pamodzi nacho zonse zimene zili mbali ya chinthucho, zipatso zimene zidakali pamtengo, ndi mapepala ake. Mbali ya nyumba ndi chilichonse chimene chinalumikizidwa nayo kuti chikhalitse. Malata, mitanda, zitseko, mafelemu a mawindo, magalasi, maloko, zitsulo zotchinga akuba, mawaya a magetsi a m'khoma, mipope ya madzi, simenti ya pachimbudzi, zonsezi zimatsala. Zilibe kanthu kuti munazigula padera kapena kuti chitseko chimodzi munachipalitsa kwa mmisiri wodula. Wogula anaona nyumba ya zitseko zinayi, ndipo mtengo munagwirizana unali wa nyumba ya zitseko zinayi.

Zimene zimanyamulika popanda kuswa kapena kuzula kanthu ndi zanu: mabedi, mipando, mphasa, mtondo ndi munsi, mbiya, wailesi, njinga, makasu, ziweto, ndi chimanga chimene chili kale m'matumba kapena m'nkhokwe.

Pakati pa ziwirizi pali zinthu zimene anthu amakanganirana chifukwa aliyense angathe kuzionera mbali yake. Sola imene inakhomeredwa padenga, thanki ya madzi, nkhokwe yoluka imene ingathe kunyamulidwa ndi amuna anayi, mpanda wa waya, njerwa zowotcha zimene zaunjikidwa pabwalo kudikira chipinda chatsopano, mulu wa manyowa kuseri kwa khola, ming'oma ya njuchi m'mitengo. Pa zoterezi musadikire kuti woweruza adzakuuzeni. Yendani ndi wogula nyumba yonse ndi bwalo lonse malonda asanatsekedwe, mutchule chinthu chimodzichimodzi, ndipo mulembe mizere iwiri: izi zitsala, izi ndinyamula. Ngati pali chitseko chimene mukuchikonda chifukwa anakusiyirani bambo anu, lamulo silikukanizani kuchitenga. Likungofuna kuti munene poyamba, wogula avomere, ndipo muikepo china.

Ndinaonapo ine mlandu wa bambo wina amene usiku woti mawa apereka nyumba anazula malata asanu ndi limodzi a pakhonde, nati khonde silinali pa malonda, iye anagulitsa "nyumba". Tinakhala pansi masiku awiri. Pamapeto anabweza malatawo, koma anali ndi mabowo awiri pa msomali uliwonse, ndipo anachotserapo ndalama zoposa mtengo wa malata atsopano. Chimene chinamugonjetsa ndi anansi, amene anachitira umboni kuti pa tsiku loonetsa nyumba iye mwini anaimirira pakhondepo n'kumatamanda mthunzi wake.

Mitengo nayo imatsala. Pamaso pa lamulo, mtengo umene udakali m'nthaka uli ngati nyumba, sunyamulika. Kudula bulugama kapena paini wa m'malire sabata yomaliza kuti mukacheketse matabwa ndiko kuchotsa chinthu chimene munagulitsa kale. Ngati mukufuna mitengoyo, nenani pa nthawi yokambirana mtengo, muiwerenge, ndipo mulembe tsiku limene mudzaidule.

Mbewu zimene zili m'munda

Mlimi sagulitsa nyumba yokha. Kuseri kuli chimanga, kudimba kuli kabichi ndi tomato, ndipo mwina mbatata ya kachewere yatsala milungu itatu kuti ikumbidwe. Monga taonera, lamulo likapanda kumva pangano lina limapereka zipatso zosakolola kwa wogula. Alimi ambiri sadziwa zimenezi, ndipo amadabwa akabwera ndi matumba m'mwezi wa Meyi n'kupeza mwini watsopano akuwakaniza kulowa.

Njira yabwino koposa ndi kuika tsiku lopereka malo pambuyo pa kukolola, m'miyezi ya Juni mpaka Seputembala, pamene m'munda mwatsala mapesi okha, misewu yauma, ndipo wogula ali ndi nthawi yokonza denga ndi kugalauza mvula isanagwe. Ngati zimenezi sizitheka, lembani momveka kuti mbewu za chaka chino ndi za yani, wokolola adzalowa mpaka tsiku liti, ndiponso ndani adzalondera ziweto kuti zisaononge. Ena amagwirizana zogawana: wogulitsa atenga chimanga, wogula atenga nyemba ndi maungu. Pangano lililonse ndi labwino malinga lilembedwe.

Inu olima fodya pa ngongole ya kampani, kumbukirani kuti ngongole ya feteleza ndi mbewu ili pa dzina lanu, osati pa munda. Musasiye fodya m'chigafa cha nyumba yogulitsidwa poganiza kuti mudzabwera kudzamanga mabelo. Makiyi akapita, mudzalowamo mwa chifundo cha mwini watsopano. Ndipo ngati pali munthu amene munamubwereka gawo la munda kapena la dimba, muuzeni msanga, ndipo muuze wogula za iye. Wobwereka amene wamva za malonda kuchokera kwa anthu apanjira savuta kusanduka mdani wa onse awiri.

Kuyeretsa

Palibe ndime ya lamulo imene imanena kuti musese kangati. Koma kupereka nyumba kumatanthauza kuipereka yopanda anthu, yopanda katundu wanu, ndiponso yoti munthu angathe kulowamo. Nyumba yodzaza zinyalala zanu simunaipereke yonse.

Yambani masabata awiri tsiku lisanafike, ndipo yambani ndi zolemera. Tulutsani katundu chipinda chimodzichimodzi, kuyambira chimene simugonamo. Chipinda chikakhala chopanda kanthu, sesani kuchokera pamwamba kutsika pansi: mwaye ndi ndodo za akangaude kudenga, fumbi pamitanda, makoma, kenako pansi. Mukayamba ndi pansi mudzasesa kawiri. Zulani misomali imene munkapachikapo zovala ndi makalendala, ndipo mutseke mabowo ake ndi dothi kapena simenti. Nyumba ya simenti muikolope ndi sopo. Ya dothi muizire bwino, ndipo muipatse masiku awiri kapena atatu kuti iume, chifukwa pansi ponyowa pamasunga mapazi a onyamula katundu. M'khitchini chotsani phulusa ndi mafuwa osweka, ndipo mukolope mwaye wa pakhoma mmene mungathere. Kupaka njereza si lamulo, koma ngati munalonjeza, pakani.

Katundu akatuluka, nyumba imaulula zimene inkabisa. Kuseri kwa kabati kumapezeka mng'alu, pansi pa bedi una wa makoswe, pamtanda njira ya chiswe. Zazing'ono konzani. Zazikulu muonetse wogula. Pali kusiyana pakati pa kuyeretsa ndi kubisa: kumata mng'alu waukulu ndi dothi lopyapyala n'kupakapo njereza kuti usaoneke, kapena kupaka utoto pamtanda wodyedwa ndi chiswe, ndi chinyengo, ndipo lamulo limapatsa wogula ufulu wodandaula pa chilema chimene chinabisidwa. Malata amene amadontha muwatchule, ngakhale malonda akuchitika m'chilimwe. Chilema chimene mwachinena ndi kuchilemba papepala sichidzakutsatani; chimene mwachibisa chidzadziulula ndi mvula yoyamba ya Novembala.

Nsikidzi, utitiri ndi nthata za nkhuku musazisiyire mnzanu. Tenthani udzu wakale wa m'chikwere cha nkhuku, tulutsani ndowe m'khola, ndipo sesani m'nkhokwe kuti anankafumbwe a chaka chatha asadikire chimanga cha mwini watsopano.

Chinthu chimodzi chimene ambiri amachiiwala chingathe kupha mwana. M'nyumba ya mlimi simusowa botolo la mankhwala a mbewu, a fodya, a dibi kapena a makoswe, ndipo nthawi zambiri limakhala lobisidwa pamwamba pa khoma, kudenga la chigafa kapena m'botolo la zakumwa lopanda chizindikiro. Ana a m'nyumba mwanu amadziwa kuti salikhudza. Ana a wogula sadziwa. Fufuzani malo onse amene munkabisamo, munyamule mankhwala otsala, ndipo mabotolo opanda kanthu muwaboole kuti wina asatungire madzi. Musawataye m'chitsime, mumtsinje kapena padzala pamene ana amasewera. Funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu za katayidwe kake. Mabatire akale, magalasi osweka, malezala ndi mankhwala a kuchipatala otsala muchite nawo chimodzimodzi.

Panja, lambulani bwalo ndi njira. Dzala lodzaza likwirireni. Chimbudzi chimene chatsala pang'ono kudzaza muuze wogula. Chakale chimene munasiya muchikwirire bwino ndipo mumuonetse pamene chili, kuti asadzakumbe chitsime pafupi kapena kumangapo. Dzenje limene munaumbira njerwa, ngati lili pafupi ndi nyumba, likwirireni kapena mulitchinge. Chitsime muchisiye chovundikira. Agalu, amphaka ndi nkhunda ndi zanu, ndipo zimakonda kubwerera kumene zinazolowera. Konzani za izo musanasamuke.

Manda ndi zina zimene sitikonda kuzitchula

Ngati pamalopo pali manda a abale, kapena pamene munaika mwana wakhanda, musabise. Manda sagulitsidwa, ndipo mwini watsopano ayenera kudziwa pamene ali kuti asalimepo kapena kudulapo mitengo. Muitane amfumu, muonetse malowo pamaso pawo, ndipo mulembe kuti abale adzaloledwa kufika kudzalambula ndi kuchita mwambo wawo, ndiponso njira imene adzadzere.

Palinso nkhani ya zotsirika. Mabuku a malamulo sainena, koma ife ogwira ntchito m'midzi timakumana nayo. Mabanja ena anakwirira kanthu pakhomo kapena kupachika kanthu kudenga pomanga nyumba. Kaya inu mumakhulupirira zimenezi kapena ayi, wogula akadzapeza kansupa kapena kanyanga patapita miyezi itatu, mwana wake ali kudwala malungo, dzina limene lidzatchulidwe ndi lanu, ndipo mlandu wa ufiti ndi wovuta kuuzimitsa kuposa wa chitseko. Chotsani zanu zonse. Ngati wogula afuna kuitana abusa, ansembe, shehe kapena akuluakulu a kwawo asanalowe, imeneyo ndi nkhani yake.

Ngongole, magetsi ndi mapepala

Nyumba iperekedwe yopanda ngongole zobisika. Ngati muli ndi magetsi a EDM, lembani nambala ya mita ya Credelec ndi mayunitsi otsala, ndipo mupite limodzi ku ofesi kukasintha dzina. Mita imatsala panyumba; si yanu yonyamula. Ngati muli ndi mpope wa madzi, lipirani mwezi womaliza ndi kupereka lisiti. Kumene anthu amatunga pamjigo, lipirani chopereka chanu ku komiti ya madzi ndipo mukamudziwitse mwini watsopano kwa iwo. M'matauni amene ali ndi município muli msonkho wa nyumba wotchedwa IPRA. Wa zaka zimene munakhalamo ndi wanu. Msonkho wa sisa, umene umalipidwa nyumba ikasintha mwini, ndi wa wogula, ndipo Código Civil imaikanso pa wogula ndalama zolembetsera malonda, pokhapokha mutagwirizana mwina.

Mapepala onse a nyumba apite ndi nyumba: chikalata cha DUAT ngati chilipo, mapu a malo, chilolezo chomangira, kalata ya ku Conservatória do Registo Predial ngati nyumbayo inalembetsedwa, pepala la malonda akale ngati inunso munachita kugula, ndi malisiti a misonkho. Musanapereke, jambulitsani lililonse ndi kusunga lanu. Mukamapita ku maofesi, nonse awiri munyamule Bilhete de Identidade ndi nambala ya NUIT. Wogulitsa amene wasamukira kutali asanasayine mapepala osinthira dzina amasiya mnzake pamavuto a zaka; musiye nambala ya foni ndi dzina la mudzi umene mukupita, ndipo mulonjeze papepala kuti mudzabwera mukadzafunika.

Malire

Kupereka nyumba n'kuperekanso malire ake. Lambulani udzu pamiyala ya malire imene a Boma anaika, ndipo musaisunthe ngakhale phazi limodzi. Kumene kulibe miyala, malire amadziwika ndi chulu, mtengo, mzere wa khonje kapena wa nkhadze, ngalande kapena mtsinje. Muitane anansi a mbali zonse, muyende nawo limodzi ndi wogula ndi nyakwawa, ndipo aliyense avomere pamaso pa anzake. Ngati pali mbali imene munkakanganirana ndi mnansi, ino ndiyo nthawi yoithetsa, inu mudakalipo; wogula sadziwa mbiri yake ndipo sadzatha kudziteteza.

Muonetsenso njira zimene anthu amadzera pamalopo popita kumadzi, kumsewu kapena kokamwetsa ng'ombe. Malangizo a 1998 anaika udindo pa mwini ufulu wa malo wolola anansi amene alibe njira ina yofikira kumsewu kapena kumadzi a onse. Wogula adziwe zimenezi asanagule waya wa mpanda.

Tsiku lopereka makiyi

Sankhani m'mawa, kuwala kulipo, osati madzulo galimoto ya katundu ikulira pabwalo. Pakhale inu ndi akunyumba kwanu, wogula ndi akunyumba kwake, mfumu kapena secretário, ndi mboni ziwiri mbali iliyonse; pakati pa mbonizo pakhale amayi, ndipo pakhale wina wachinyamata amene adzakhalepo zaka zikubwerazo. Tengani pepala lija la zotsala ndi zonyamula, muyende nalo chipinda ndi chipinda. Tsegulani ndi kutseka chitseko chilichonse, yesani loko aliyense, yatsani magetsi, tsegulani mpope. Ngati pali foni yojambula, jambulani zipinda, denga, mita ndi mitengo, ndipo zithunzizo zikhale kwa onse awiri.

Funso limene timafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti: choyamba n'chiyani, makiyi kapena ndalama zomaliza? Wogulitsa amaopa kuti akapereka makiyi, zotsalazo azidzazilondola chaka chonse. Wogula amaopa kuti akamaliza kulipira, adzapeza nyumba yazulidwa kapena mwini wake asanatuluke. Mantha onsewa ndi oona. Yankho lathu ndi lakuti ziwirizi zichitike pa tsiku limodzi, pamalo amodzi, pamaso pa mboni zomwezo: wogula ayendere nyumba, akhutire, apereke ndalama, ziwerengedwe poyera, ndipo makiyi aperekedwe. Ngati ndalama zadzera pafoni kapena kubanki, dikirani uthenga ufike pa foni yanu inu mwini, osati kungoonetsedwa pa foni ya wolipira. Ngati mwavomera kuti gawo lina lidzalipidwe pambuyo pokolola, lembani kuchuluka kwake m'manambala ndi m'mawu, tsiku lake, ndi chimene chidzachitike tsikulo likadutsa.

Kenako lembani pepala lopereka nyumba, limene m'Chipwitikizi amati termo de entrega. Silifuna mawu ovuta. Likhale ndi tsiku ndi malo, maina ndi manambala a ziphaso za onse awiri, kufotokoza kwa nyumba ndi malire ake, zinthu zimene zatsala, zilema zimene zanenedwa, chiwerengero cha makiyi, nambala ya mita, mapangano a mbewu, mitengo ndi manda, ndalama zimene zalipidwa ndi zimene zatsala. Ngati lalembedwa m'Chipwitikizi, wina aliwerenge mokweza ndi kulimasulira m'chilankhulo chathu onse asanasayine, ndipo amene sadziwa kulemba asankhe yekha munthu womuwerengera. Musasayine pepala limene lili ndi mipata yosalembedwa. Likhale m'makope atatu: lanu, la wogula, ndi la amfumu kapena secretário.

Perekani makiyi onse, ngakhale aja ali kwa mwana wanu wamkulu kapena kwa mnansi. Kuyambira nthawi imeneyo simulowanso popanda kuodira, ngakhale mutakumbukira kuti munaiwala khasu kuseri kwa bafa. Inu ogula, kusintha maloko tsiku lomwelo si mwano.

Zikapezeka kuti wina waphwanya pangano, musazule kanthu, musathyole loko ndipo musatulutse katundu wa mnzanu pabwalo. Yambani ndi mboni zanu ndi amfumu. Zikakanika, pitani ku tribunal comunitário, bwalo la m'dera limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992 kuti liziyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono. Mlandu waukulu umapita ku khoti la distrito, ndipo amene alibe ndalama zolipira loya angathe kupempha thandizo laulere ku IPAJ. Musachedwe, chifukwa madandaulo a zilema za chinthu chogulidwa ali ndi nthawi yake yoikika, ndipo ndi yaifupi. Popita kulikonse mwa malo amenewa, nyamulani pepala lopereka nyumba, malisiti, zithunzi ndi maina a mboni zanu.